Pour un Homme wa Caron pa dzuwa la kuchigwa: lavenda woyamba mwaukali, womaliza ndi vanila

Ngati mukufuna perefyumu woti mukangotsika kabaza pa Nchalo anthu onse apa shopu atembenuke, uyu si wanu, osataya ndalama. Pour un Homme wa Caron ndi perefyumu wa lavenda, wa azibambo, wakalekale, ndipo alibe phokoso. Koma ali ndi khalidwe lina lomwe landikhazika pansi kuti ndilembe zonsezi, fungo lomwe mumamva mukangopopera ndi lina, la pakapita kanthawi ndi lina, la kumapeto ndi linanso, moti munthu amene sanakuoneni mukupopera atha kulumbira kuti mwasintha botolo panjira. Nde kuno kwathu ndi dzuwa lathuli kusinthako kumathamanga kwambiri kuposa mmene anzathu akunja amalembera pa intaneti, iwo aja amayesera kozizira, ife tikuyesera pomwe ndi phula lomwe la pamsewu limafewa.

Kaye mbiri yake pang'ono, chifukwa anthu ena akamva kuti Caron amaganiza kuti ndi zatsopano za pa TikTok. Kampaniyi inayambitsidwa ku Paris mu 1904 ndi Ernest Daltroff, ndipo Pour un Homme anamutulutsa mu 1934, agogo athu ambiri asanabadwe nkomwe. Nthawi imeneyo perefyumu ankatengedwa ngati chinthu cha azimayi, azibambo ankangodalira timadzi topaka akameta ndevu basi, nde uyu amawerengedwa m'gulu la oyambirira amene anapangidwira amuna mwachindunji. Mpaka lero akugulitsidwabe. Botolo lake silodzionetsera ayi, lagalasi, lamakona, madzi ake obiriwira pang'ono, mukaliyika pambali pa mabotolo agolide aku Dubai aja limaoneka ngati losauka. Langa ndi la 125 ml, eau de toilette, linabwera ndi alamu anga ochokera ku Joni, koma ndisanalipeze ndinayamba ndagula kaye ka decant, kabotolo kakang'ono kopungulira kuchokera m'botolo lalikulu, kwa anyamata ogulitsa pa WhatsApp.

Tsopano fungolo.

Mukangopopera, sipiriti ikangouluka, chimene chimakulandirani ndi lavenda wobiriwira, wozizira, wolasa m'mphuno. Si maluwa otsekemera ayi, iwalani zimenezo. Ndi fungo la masamba ndi mapesi, lowawirako pang'ono, lamankhwalamankhwala, muli rosemary ndi kandimu kapansipansi komwe sikachedwa kuthawa. Amene munathyolapo mpungabwi kuti muthamangitse udzudzu nkufikisa masamba ake m'manja mukudziwa mbali yomwe ndikunena, sikuti ndi fungo lomwelo koma njira yake ndi imeneyo, lija lotsegula mphuno. Pamkono pamamveka ngati pazizira ngakhale kunja kukutentha. Ine gawo limeneli ndi lomwe ndimalikonda kuposa ena onse, m'mawa utangosamba, usanayambe kutuluka thukuta, limakudzutsa bwinobwino kuposa tiyi.

Koma ndi gawo lomwelinso lomwe limathawitsa anthu. Mayi akunyumba tsiku loyamba anangolowa kuchipinda nkuima pakhomo, amvekere, "Abambo inu, mwadzola mankhwala okolopera kodi?" Ine nde kuti mayi dikirani kaye, mubwerenso mukatha kuphika phala la ana. Ndipo funso lawolo silopusa ayi, lili ndi chifukwa chake. Ambirife lavenda tinamudziwira m'sopo, m'mankhwala okolopera pansi ndi supuleyi wa m'chimbudzi, chomeracho sitinachionepo ndi maso, nde mphuno zathu zikangomva fungolo zimathamangira ku bafa.

Nkhani yake ili chonchi. Lavenda alipo wamitundu ingapo. Weniweni uja dzina lake la sayansi ndi Lavandula angustifolia, amakonda malo okwera, nthaka yamiyala yosasunga madzi, dzuwa lambiri koma nyengo yozizira ikhaleponso. Kumwera kwa France, dera la Provence, ndi komwe kumatchuka naye, ndipo mafuta ake apamwamba okhala ndi chizindikiro chotetezedwa aku Haute-Provence amachokera m'minda ya pamwamba pa mamita 800. Yerekezani ndi ife kuno, kumene kumunsi kwa Nsanje kumalire ndi Mozambique ndi malo otsikitsitsa m'Malawi muno, mamita 37 okha kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, nde aliyense wofuna kuyamba ulimi wa lavenda ku Bangula ndikumufunira zabwino zonse koma ine ndalama yanga sindingaikepo. Masiku ano dziko la Bulgaria ndi lomwe limapanga mafuta a lavenda ambiri kuposa France. Amakolola cha mu Juni mpaka Ogasiti, kenako maluwawo amawatcheza ndi nthunzi, mmene amatchezera kachasu muja, nthunzi imadutsa m'maluwa, imakazizira m'paipi, mafuta nkuyandama pamwamba pa madzi.

Ndiye pali m'bale wake wotchedwa lavandin, amene anabadwa posakaniza lavenda weniweniyo ndi mtundu wina wa masamba otambalala. Uyu amabereka mafuta ochuluka, ndi wotchipa, koma ali ndi camphor wambiri, fungo lija la mankhwala opaka pachifuwa mwana akadwala chimfine. Ndi ameneyu, kapena fungo longopanga m'fakitale lomutsanzira, amene amadzaza m'masopo ndi m'zokolopera. Zithunzi zambiri za minda yofiirira ya ku Valensole zomwe mumaziona pa Facebook zija kwenikweni ndi za lavandin. Lavenda wa mu Pour un Homme amayamba mwaukali ndithu, kamankhwala kaja kalimo, koma mukafatsa naye mumamva kusiyana kwake, ali ndi kuya, pansi pake pali kakufewa kena komwe sopo wa m'botolo la malita awiri sangakhale nako. Sopo fungo lake limaima malo amodzi mpaka kutha. Uyu amayenda.

Ndipo kuyendako ndi komwe kuli nkhani. Pakapita kanthawi kuzizira kuja kumayamba kutsika, masamba obiriwira aja amakhala ngati akufota, fungo limatembenukira ku udzu wouma wotenthedwa ndi dzuwa, kenako chapansipansi vanila amayamba kusuzumira. Pali kamphindi kena pakatipa pomwe awiriwa amakhala pamodzi koma asanagwirizane, lavenda wozizira mbali iyi vanila wofunda mbali iyo, ukanunkhiza pamkono kamodzi umamva uyu, kachiwiri umamva winayo. Anthu ena pamenepa ndi pomwe amati akumva kafungo kachitsulo kapena ka pulasitiki yatsopano. Ine ndimakamva kakang'ono, sikamandisowetsa mtendere, ndipo kunena zoona kukanganako ndi komwe kumapangitsa perefyumuyu kukhala wosatopetsa, maperefyumu ambiri a masiku ano amawasalaza mpaka palibe choti ungachigwire.

Kenako vanila amapambana. Koma osaganiza za keke ya pa ukwati kapena ayisikilimu, si vanila wonata shuga ayi, ndi wouma, wa ufaufa, wosakanikirana ndi musk ndi amber, ndi kafungo ka tonka. Tonka ndi kambewu kaku South America komwe muli chinthu chotchedwa coumarin, chomwe chimapereka fungo la udzu womwetamweta ukamauma. Coumarin ameneyu ali ndi mbiri yakeyake, katswiri wa ku England William Henry Perkin anamupanga mu labu mu 1868, ndipo mu 1882 kampani ya Houbigant inatulutsa Fougère Royale, ya Paul Parquet, yomwe inaphatikiza lavenda, coumarin ndi oakmoss, ndere ina yomera pa mitengo. Kuchokera pamenepo nde kunabadwa banja lonse la maperefyumu a azibambo otchedwa fougère, mafungo aja a kubaba shopu ndi sopo wometera ndevu. Guerlain nayenso mu 1889 anatulutsa Jicky momwe lavenda ndi vanila anakumanamo kale. Chomwe Daltroff anachita ndi kuchotsa zokongoletsa zambiri nkusiya awiriwa poyera, basi. Kumapetoko lavenda samatheratu, amatsala kumbuyo ngati kamthunzi, ndipo ndi iyeyo amene amaletsa vanila kuti asakhale wotsekemera mopitirira.

Mayi aja atabweranso ananunkhiza pakhosi nkungoti "eee koma ndi yomwe ija?" Panopa gawo lomalizali amalikonda kuposa ine, moti botolo likutsika mwanjira yomwe sindikuimvetsa kkkk. Ndipo palibe cholakwika, dzina lake likunena za mwamuna koma pakhungu la mzimayi limakhala bho zedi, makamaka vanila uja akafika.

Tsopano za kutentha, poti apa nde pagona nkhani kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje. Perefyumu aliyense ndi msakanizo wa tinthu topepuka ndi tolemera. Topepuka timauluka msanga, ndi tomwe amati top notes, tolemera timatsalira pakhungu nthawi yaitali. M'mafuta a lavenda tinthu tikuluikulu ndi tiwiri, linalool ndi linalyl acetate, ndipo tonse tili mbali ya topepuka, pomwe vanila ndi musk ndi zolemera. Khungu likatentha kuulukako kumafulumira. Nde taganizani Okutobala kapena Novembala kuno, mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo, madigiri kupitirira 40, ku Ngabu ngakhale mbuzi zabisala pansi pa ngolo. Ukapopera cha m'ma 7 koloko mmawa lavenda wokoma uja amabwera mwamphamvu kuposa nthawi zonse, fungo lili guu chipinda chonse, koma usanafike ndi pa siteji pomwe wapita kale, mphindi 10 kapena 15 basi watsala ndi vanila. Pofika nthawi ya nkhomaliro uyenera kugunditsa mphuno pamkono kuti umve kanthu.

Mu Juni ndi Julayi nde ndi nkhani ina. Mwera ukamaomba, mmawa kuli kachisanu koti anthu akuno tavala majuzi ngakhale a ku Dedza angatiseke, lavenda amakhala pafupifupi ola lathunthu akusintha pang'onopang'ono, gawo lapakati lija la udzu wouma limamveka bwino lomwe, ndipo vanila amakufikitsa mpaka poweruka. Nyengo imeneyi ndi yomwenso amakhala akuotcha ndi kudula nzimbe kuminda ya Illovo, mpweya wa pa Nchalo uli ndi kautsi kake kotsekemera ndi timaphulusa takuda tikugwera pa zovala zoyanika, ndipo chodabwitsa perefyumuyu amagwirizana nawo mpweya umenewo, sakanganirana nawo malo. Nde ndinganene kuti kuno ndi perefyumu wa nyengo yozizira, kapena wa madzulo dzuwa litalowa m'miyezi yotenthayi.

Vuto lina la nthawi yotentha si kutha msanga kokha. Vanila ndi thukuta sizimvana kwenikweni. Ukapopera kambiri poganiza kuti ukulipirira zouluka zija, nde walakwitsa, chifukwa chomwe chimachuluka ndi vanila yemweyo, ndipo mu minibasi yodzaza anayi anayi, mawindo ena osatseguka, wina wanyamula nsomba zouma za ku Elephant Marsh, fungo lofunda lija limasanduka lolemera, lokhala pakhosi. Kawiri kapena katatu nkokwana. Ndipo tinene chilungamo abale, perefyumu salowa mmalo mwa kusamba ndi rolo-oni, pali anthu ena amapopera pamwamba pa shati ya dzulo, palibe Caron kapena wina aliyense angakupulumutseni pamenepo.

Chomwe ndapeza kuti chimathandiza ndi kupopera pa nsalu. Nsalu siitentha ngati khungu ndipo ulusi wake umagwira fungo, nde lavenda amakhalitsa. Ine ndimapopera kamodzi pakhosi, kamodzi mkati mwa kolala ya shati ya thonje, ndili patali pang'ono kuti pasatsale banga, shati yoyera muyambe mwayesa pobisika chifukwa madzi ake ali ndi kamtundu. Ukapanga chonchi umakhala ndi mafungo awiri nthawi imodzi, pakhungu pafika kale vanila pomwe pakolala lavenda akadali moyo. Mumve izi, paulendo wa ku Blantyre, kuchoka pa Nchalo kudutsa pa Dyeratu, kuoloka mlatho wa Kamuzu, mpaka pa Thabwa, ndinali nditaiwala zoti ndapopera kanthu, thukuta lili kamukamu kumsana. Galimoto itayamba kukwera mapiri aja, makona aja, chigwa chikutsalira mmunsi, kamphepo kozizira kanayamba kulowa pawindo, thukuta nkuyamba kuuma, nde mwadzidzidzi lavenda uja ndinamumvanso akutuluka pakolala, woyera, wozizira ngati ndangopopera kumene. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga anandifunsa kuti, "Achimwene, sopo wanji ameneyu mumasambira?" Ena angakhumudwe kuti perefyumu wodula akumutcha sopo, kwa ine funso limenelo linali loyamikira, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo, munthu azioneka waukhondo osati wodzithira.

Chinanso ndi khungu louma. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere, mukudziwa mmene sopo amavutira kuchita thovu, ndipo ukasamba khungu limatsala lotuwa. Pakhungu lotere perefyumu sakhalitsa. Kupaka kaye timafuta topanda fungo pamalo pomwe mupoperepo kumawonjezerako nthawi, osati kwambiri koma kusiyana kumamveka. Koma akhale opandadi fungo, mukapaka loshoni ya koko kapena ya maluwa nde mwasokoneza zonse, lavenda uja simumumvanso. Ndipo chizolowezi chofikisa mikono mukapopera chija chisiyeni, kumangotenthetsa khungu nkuthamangitsa gawo loyamba lomwe kuno ndi lalifupi kale.

Wina andifunsa za udzudzu, ndikudziwa, poti nkhani yoti lavenda amathamangitsa udzudzu ili ponseponse. Udzudzu wa m'mbali mwa Shire suwerenga zimenezo, gonani mu neti.

Kuyerekeza ndi ena. Amene munakula mukuona botolo lobiriwira la Brut pawindo la bambo kapena amalume, Brut uja anatuluka mu 1964 ndipo ndi wa banja la fougère lomwe lija, muli lavenda, koma ndi waphokoso, zinthu zambiri zikulankhula nthawi imodzi. Le Male wa Jean Paul Gaultier, wa mu 1995, amene anapanga Francis Kurkdjian, botolo lake lija looneka ngati chifuwa cha mwamuna, ali ndi lavenda ndi vanila ngati yemweyu koma anawonjezera timbewu tonunkhira ndi kutsekemera kwambiri, ndi wa kuphwando, amamveka kutali. English Lavender wa Yardley ndi lavenda woongoka, waukhondo, koma alibe ulendo wopita ku vanila wozama chonchi. Ndiye pali ma oud aku Dubai, maperefyumu aja a fungo lamphamvu la mtengo wonunkhira, omwe atenga malo masiku ano, a Lattafa ndi anzawo, otchipa poyerekeza, okhalitsa mpaka shati kuichapa fungo likadalipo. Sindikuwanyoza, ndili nawo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amawakonda, ndalama ikavuta munthu amafuna chinthu choti chimveke kuti wagula. Kungoti mu ofesi yaing'ono yofolera malata, magetsi atathima fani yaima, munthu mmodzi wothira oud kasanu amadwalitsa mutu chipinda chonse. Pour un Homme sangachite zimenezo, amamveka kwa amene wakuyandikira basi, wopatsana naye moni wa pamanja, wokhala naye benchi imodzi kutchalitchi.

Mwina ndipatuke pang'ono. Mwezi wa Okutobala weniweni, masana, ine ndimasiya Caron nkutenga perefyumu wa vetiva, amene fungo lake ndi louma, lamizu, ladothi, lopanda kutsekemera, thukuta silimusokoneza. Ndipo ambiri sadziwa kuti ndi udzu womwewu wa vetiva umene alangizi amatiuza kuti tidzale m'mizere yoteteza nthaka kuti isakokoloke, mafuta ake amachokera ku mizu, ndipo dziko la Haiti limapeza ndalama zambiri pogulitsa mafuta amenewa kwa opanga maperefyumu. Ife timangodzala nkumweta kufolera nyumba. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kasungidwe nako kuno nkofunika kuposa kwina kulikonse. Kutentha ndi kuwala zimaononga perefyumu, ndipo zoyamba kuonongeka ndi zopepuka zomwe zija, nde botolo mukalisiya pawindo kapena pa dilesing'i tebulo yoombedwa dzuwa, kapena choipitsitsa m'galimoto, pakatha miyezi mudzapeza lavenda wasanduka wowawasa mwatsala ndi vanila wotopa. Langa limakhala m'katoni yake, pansi mu wadilopu, pakati pa zovala, mbali ya nyumba yomwe dzuwa la masana silimenya. Ena amaika mu filiji, chabwino, koma ndi mmene magetsi amapitira nkubwera, kuzizira kutentha kuzizira kutentha, ine ndimaona kuti bola malo amodzi amthunzi osasinthasintha, komanso ana angathire pa buledi.

Za feki. Mwayi wake ndi woti Caron si dzina lomwe anyamata okopera amalithamangira ngati maina otchuka aja, chifukwa kuno ochepa amalidziwa, koma ma decant nde ndi pomwe pali chinyengo, kabotolo kopanda chizindikiro mungathiridwe chilichonse. Ndinakumanapo ndi wogulitsa wina wa mafuta othira m'timabotolo togubuduza tija amene anandiuza motsimikiza kuti ali ndi yemweyo, kungoti wa mafuta. Nditapaka linali fungo la lavenda wa sopo ndi vanila wa keke zitasakanizidwa, kuyambira mphindi yoyamba mpaka madzulo chimodzimodzi, osasuntha. Sindikuti mafutawo ndi oipa, kwa mtengo wake ali bwino ndipo pakutentha amakhalitsa kuposa a sipiriti, koma chomwe mukulipira mu Pour un Homme ndi kusinthako, nde chikachoka chimenecho mwagula chinthu china. Njira yodziwira ndi yomweyo, weniweni amayamba mokalipa, wobiriwira, vanila osamveka nkomwe kapena ali kutali kwambiri, ngati vanila wakulandirani pakhomo mukangopopera dziwani kuti pali chachitika. Wogulitsa decant wachilungamo sakana kukuonetsani botolo lomwe akupungulamo, mufunseni akutumizireni kavidiyo.

Mtengo sindilemba nambala chifukwa mmene kwacha ikuyendera mawa ikhala yabodza, chichokereni kugwa kwa 44 peresenti kwa mu Novembala 2023 kuja chilichonse chochokera kunja chinakwera mopanda chisoni. Kunjako amawerengedwa m'gulu la otsikirapo mtengo poyerekeza ndi maina akuluakulu aku France, makamaka poti mabotolo ake ndi aakulu, koma pofika kuno, kuphatikiza wonyamula ndi phindu la wogulitsa, ndi ndalama yoti munthu wapantchito wamba ayambe waganiza kawiri. M'mashopu a pa Nchalo, Ngabu kapena pa boma ku Nsanje ine sindinamuonepo, njira ndi kuitanitsa kudzera kwa ogulitsa a ku Blantyre ndi Lilongwe kapena wachibale wobwera kuchokera kunja.

Nde ndani agule? Aphunzitsi, anamwino ndi madokotala omwe amagwira ntchito moyandikana ndi anthu odwala oti fungo lamphamvu limawachititsa nseru, a mu ofesi, abusa, aliyense wofuna kununkhira mwaulemu. Achinyamata ofuna ma compliment ku dansi mukhumudwa, anzanu akuuzani kuti mukununkhira ngati agogo, ndipo mwanjira ina sakunama, perefyumuyu ndi wamkulu kuposa agogo anuwo. Amene fungo la lavenda limakukumbutsani zokolopa ndipo simungathe kuchotsa ganizolo m'mutu, musadzikakamize, mphindi zoyamba zija mudzazida tsiku lililonse. Azakhali anga ena aku Tengani atanunkhiza pamkono panga, vanila atafika kale, anangogwedeza mutu nkuti "pyadidi", kutanthauza zabwino m'Chisena, koma ndikukhulupirira akanakhalapo nthawi yopopera akanalankhula zina.

Musagule botolo lonse musanayese. Pezani ka 5 ml kapena 10 ml, ndipo osaweruzira papepala kapena pachivindikiro ayi, poperani pamkono panu, nunkhizani, pitani kumsika mukagule tomato ndi usipa, mukabwerako nunkhizaninso, madzulo nunkhizaninso. Yesani tsiku lina kotentha, tsiku lina kutagwa mvula kukuzizirira, chifukwa kuno masiku awiri amenewa akupatsani maperefyumu awiri osiyana. Ine likatha ili ndidzagulanso koma laling'ono la 75 ml, chifukwa poti ndimamugwiritsa ntchito kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti basi, botolo lalikulu likhala zaka zambiri mu wadilopu ya ku Nchalo, ndipo kutentha kwathu sikungalisiye labwinobwino nthawi yonseyo.